Ntchito Yofulatira Oyimba

3 Juni

Amake Katsabola,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi mwana, komanso amayi. Kuno ndadzuka, kupatula msana umene mukuudziwa kale. Kalata yanu dalaivala wa basi anandipatsa pamodzi ndi masokosi aja. Zikomo kwambiri.

Ntchito ndaipeza. Si yokhalitsa, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pakati pa mzinda pali paki yaikulu ya mitengo ndi kapinga, kumene anthu akuno amayendetsako agalu awo. Chaka chilichonse amaitseka n'kuchitiramo chikondwerero cha nyimbo masiku atatu, ndipo akuti kumabwera chinamtindi cha anthu moti kapinga yense amasanduka fumbi. Ife ntchito yathu ndi kumanga mpanda wazitsulo, kunyamula mizati ya nsanja ya oyimba, ndi kundandalika zimbudzi zapulasitiki. Zimbudzizo ndikaziona zili pamzere, zowongoka ngati asilikali, ndimakumbuka chathu chopendekeka chija n'kuseka ndekha. Muwauze alamu abwere adzachikonze chisanagwere munthu.

Mwalemba kuti Katsabola wayamba kulankhula, akuti "madzi", akuti "ayi". Kuyamba ndi kukana, ameneyo watengera kwanu. Ine ndinachoka akukwawa, ndipo mpaka lero liwu lake sindikulidziwa. Tsiku lija munamutengera ku foni ya mayi a pagolosale ndinangomva kupuma kwake, kenako mayunitsi anatha. Za foni yanu yogwera m'beseni ija sindikudandaulanso. Ndikalandira ndikugulirani ina, kuti ndizimumva ali m'nyumba mwake, osati pagolosale anthu atamuzungulira n'kumamuuza kuti lankhula, lankhula.

Ndikugonabe m'chipinda chija ndi Telala. Makina osokera anagulitsa kalekale koma dzina linamukakamira. Kuntchito kuli mkulu wina amene wagwira chikondwererochi zaka zambiri. Timawatcha a Mwatichani, chifukwa ukawapatsa moni amayankha kuti mwati chani, ukawatukwana amathokoza. Anyamata amawaseka. Inenso ndimaseka, ndinamirenji.

Ndalama zimene zili m'kalatamu mugule feteleza kaye, zotsala muone nokha.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Katsabola


19 Juni

Amake Katsabola,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti chifuwa cha amayi chachepa, ndathokoza Mulungu. Asasiye mankhwala chifukwa choti akupezako bwino, mukuwadziwa. Ine ndili bwino.

Nsanja yatha. Ndi yaitali kuposa tchalitchi chathu, ndipo m'mbali mwake aunjika masipika kuyambira pansi mpaka pamene khosi limawawa poyang'ana. Dzulo masana anawayesa. Mbalame zonse za m'paki zinanyamuka nthawi imodzi, ndipo madzi a m'botolo langa ankanjenjemera okha.

Ndikuuzeni za mwayi umene wandigwera. Pakati pa nsanja ndi mpanda wakutsogolo pali kampata kamene timakatcha ngalande. M'menemo mumaima anthu athu masiku onse atatu, atafulatira oyimba, maso ali pa gulu. Wina akakomoka kapena akapanikizika pachitsulo, umamugwira m'khwapa, kumudutsitsa pamwamba pa mpanda, n'kumupereka kwa achipatala. Amaimika anthu awiriawiri, wakale ndi watsopano. Watsopanoyo ndi amene amavala ovaova, kawailesi ka kukhutu, kuti azimva kapitawo, ndipo akamva amagwira mnzake paphewa n'kumulozera kopita. Ndinafunsa chifukwa chake akalewo savala ovaova, anyamata anangoseka.

Malipiro a m'ngalande ndi owirikiza kawiri. Kapitawo asanamalize kulankhula dzanja langa linali kale m'mwamba. Andiphatikiza ndi a Mwatichani.

Nthawi yopuma mkuluyo anandikoka malaya n'kupita nane kuseri kwa lole. Amalankhula mokuwa ngakhale pa nkhani yachinsinsi, moti aliyense anamva.

"Mphwanga, kapempheni akubwezereni ku zimbudzi. Kununkha kumatha ndi sopo."

Ndinawafunsa kuti nanga iwowo akukakamiriranji m'ngalandemo ngati muli moipa. Anandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali, kenako anati mwati chani. Tinaseka mpaka misozi. Musade nkhawa, atipatsa timasiponji tachikasu totseka m'makutu. Ine ndizivala kamodzi kumanzere, chifukwa kumanja kukhala ovaova, ndipo ameneyo amafunika kumukweza mpaka pamapeto kuti umve kapitawo pakati pa phokoso.

Foni ndaiona pa shopu ina pafupi ndi siteshoni. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito koma galasi lake lilibe mng'alu. Ndasiya chikole kuti asagulitse. Muzimuphunzitsa mwanayo kunena kuti ababa, kuti tsikulo asadzandipatse "ayi" yekhayekha. Nkhuku musagulitse, mavuto ake ndi a mwezi uno wokha.

Wanu,
Bambo a Katsabola


2 Julayi

Amake Katsabola,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo.

Chikondwerero chatha. Telala wandifunsa kuti ndinaona oyimba ati, ndamuuza kuti sindinaone aliyense. Akuti kunabwera otchuka, anthu ankalira misozi powaona, koma ine ndinaona olirawo basi. Nkhope zokhazokha, kukamwa kuli yasa, mafoni ali m'mwamba. Ukaima pamenepo nyimbo siimveka ngati nyimbo. Imangokumenya kumsana n'kutulukira pachifuwa, kuyambira masana mpaka atatseka.

Tsiku lachiwiri kunagwa mvula, ngalande inasandukadi ngalande. Ndikunyamula mtsikana wina wokomoka, mkono wake unandikwapula kukhutu, kasiponji kanga n'kugwera m'matope. Ndinakaona kakupondedwa. Kuchoka pamalo n'koletsedwa, ndipo nditatumiza mawu anati tina tinatha. A Mwatichani anachotsa kawo n'kundipatsa. Kanali kakuda bii ndi litsiro la m'khutu mwawo, ndinachita nyansi, ndinakana. Anakakamira, ndinakankha dzanja lawo. Anakabwezera m'khutu mwawo.

Anthu amene tinawatulutsa sindinawawerenge. Palibe amene anafera mbali yathu, kapitawo anatiyamikira.

Ndagona masiku awiri. M'makutu mukulira nkhululu, koma anzanga akuti zimatha zokha.

Foni ndagula. Ndampatsa dalaivala, ndaikulunga m'kajuzi kofiira ka mwana, chaja ili m'dzanja la juziyo, musaigwetse potambasula. Muyimbe Lamlungu masana, mwana atadya, asanayambe tulo. Ndikhala ndikudikira.

Bambo a Katsabola


20 Julayi

Amake Katsabola,

Moni. Ndasangalala kuti katundu anafika bwino ndipo juzi yamukwana. Amayi muwapatse moni. Thupi langa lili bwino.

Ndaona kuti munayimba Lamlungu, Lolemba, ndi Lachitatu. Foni yanga ikuvuta, siikulira. Ndikamaitenga imakhala itadula kale. Pakadali pano tiyeni tizilemberana monga kale, ndipo zachangu muzilemba uthenga pafoni, ndimauona.

Ndalama zachepa ulendo uno chifukwa andichotsa kogwetsa nsanja. Panali kankhani kakang'ono ndi kagalimoto konyamula zitsulo. Kankabwerera chambuyo, ine ndili kumbuyo kwake ndikukulunga chingwe. Akuti kanalira, akuti anthu anakuwa. Sindinavulale, nsapato yokha ndi imene inang'ambika. Kapitawo analankhula zambiri, mitsempha ya m'khosi ili tototo, ine ndinangoyang'ana pakamwa pake mpaka atatseka.

Tsopano ndili ku gulu lobwezeretsa kapinga. Timayenda pamzere ndi mareki okokera zinyalala, kutola zotsekera mabotolo, zotsalira za ndudu, ndolo, makiyi, nsapato za phazi limodzi. Munthu amabwerera bwanji kwawo ndi nsapato imodzi osazindikira, sindikudziwa. Tikatola timatipula dothi, timafesa njere za udzu, timathirira. Pamene panali nsanja patsala chipala chachikulu chofiira chopanda udzu, ndipo malo amene ndinaima ndimawadziwa chifukwa zidendene zanga zinasiya maenje awiri.

Ntchitoyi ndi yosavuta. Paki ili zii. Mbalame zabwerera koma sizinayambe kuyimba, kaya zikuopabe. Agalu nawonso abwerera, koma akuno ndi aulemu, amangotsegula pakamwa osauwa.

Za lendi ndalankhula ndi Telala, andidikira. Inu musabwereke kwa aliyense. Ngati zavuta gulitsani tambala wamkuluyo, zazikazi musiye.

Wanu,
Bambo a Katsabola


11 Ogasiti

Amake Katsabola,

Moni kwa inu ndi mwana. Ndili moyo.

Kalata yanu ndaiwerenga, ndaiwerenganso. Mwafunsa kuti foni yanga akuigwira ndani masiku ano. Mwati alamu akuuzani kuti amuna ogwira ntchito m'zikondwerero amatero, akalawa za kumeneko amaiwala kwawo. Alamu akonze kaye chimbudzi chija asanayambe kukonza banja langa.

Mkazi kuno kulibe. M'chipinda muno muli mabedi awiri, chitofu, ndowa, ndi Telala amene mapazi ake mukanawanunkhiza simukanalemba zimenezi. Mukafuna funsani dalaivala, amalowa muno akabwera ndi makalata.

Nditawerenga ndinayesa kukwiya, mkwiyo sunabwere. Ndinakhala pabedi kuudikira mpaka tiyi anazizira. Masiku ano zinthu sizikundifika msanga. Mayi wa pashopu yapakona wasiya kundimwetulira, Telala akuti amandipatsa moni ine n'kumangodutsa. M'mawa Telala amandidzutsa pondiponyera sokosi. Nthawi yopuma ndimakhala ndi a Mwatichani pansi pa mtengo, timadya, timayang'ana mipope ikuzungulira pa kapinga. Sitilankhulana, ndipo ndi munthu yekhayo amene sanditopetsa. Anyamata akamawaseka ndimaona mano okha.

Mwalembanso kuti mwana amatenga foni ija, kuiika kukhutu, n'kumayenda nayo m'nyumba akulankhula yekha. Pamenepo ndinapinda kalata n'kutuluka panja. Chimenecho chinandifika.

Ndipatseni nthawi pang'ono. Pali kumene ndikufuna kupita kaye, ndikabwerako ndidzakuuzani bwinobwino. Amayi musawauze za nkhani ya alamuyi, angakwere magazi pachabe. Sopo ndi mafuta odzola ndatumiza, mabulangete akwera mtengo, adikire.

Ndinebe mwamuna wanu,
Bambo a Katsabola


28 Sepitembala

Amake Katsabola,

Pepani chifukwa cha kukhala chete. Makalata anu awiri ndinalandira. Ndikhulupirira kuti malungo a mwana anatheratu. Ine kudwala sindikudwala.

Ndiyambe ndi Lamlungu lija ndinayankha foni. Munalemba kuti mwana anayimba kanyimbo konse kamene munamuphunzitsa, osachita manyazi, ndipo ine ndinangoti eya, eya, n'kudula asanamalize. Munati analira. Munati munthu wotani amadulira mwana wake foni akuyimba.

Amake Katsabola, sindinamve kanthu. Foni ndinaiika patebulo kuyambira m'mawa kuti ndiione ikawala. Itawala ndinaiika kumanja, kunali zii. Ndinaiika kumanzere, kunali ngati munthu akulankhulira pansi pa madzi kutali. Sindinadziwe ngati ndinu kapena ndi iye. Eya ndinkangomuponya mwachisawawa, ndipo nditaona kuti Telala wandiyang'ana n'kuzolika, ndinadula. Foni yanga siinawonongekepo. Imalira bwinobwino, Telala ndi amene amadandaula nayo.

Kuchipatala ndinapita. Anandilowetsa m'kachipinda kochepa ngati chimbudzi chathu cha kupaki, anandiveka zomvera m'makutu, anandipatsa batani kuti ndizidina ndikamva kulira. Ndinakhala ndi batanilo m'manja kudikira kuti ayambe. Namwino atatsegula chitseko ndinaganiza kuti makina avuta, koma kunali kutatha.

Adokotala anachita kundilembera papepala. Khutu lakumanja, la ovaova lija, linapita, silidzabwerera. Lakumanzere latsala pang'ono, limagwira zinthu zolemera monga lole ikamadutsa kapena chitseko chikamenyetsedwa. Mawu a anthu ayi, makamaka mawu aang'ono. Ndinafunsa kuti aang'ono ngati a ndani. Adokotala sanalembe, anangoyang'ana chithunzi cha mwana chimene chili pagalasi la foni yanga. Pali kachipangizo kovala kukhutu kamene akuti mwina kangathandize kumanzereko, osati kwambiri. Mtengo wake atandilembera ndinaseka, namwino anadzidzimuka, kaya ndinaseka mokweza bwanji.

Ku kampani akuti timasiponji anatipatsa, ndipo n'zoona, anatipatsa. Wakutsina khutu ndi mnansi. A Mwatichani ananditsina kuseri kwa lole, ananditsinanso m'matope muja atanyamula kasiponji kawo m'manja, ine ndinaona litsiro.

Mukandifunsa za mumtima, sindikudziwa choyankha. Ndimadzuka, ndimathirira udzu, ndimagona. Nkhululu zija zilipobe, ndazolowerana nazo. Sindinalire. Chondiwawa n'chimodzi chokha, kuti foni inafika, mwana analankhula, ndipo mwamumva nonse mpaka mayi a pagolosale.

Amayi musawauze kaye. Alamu mukhoza kuwauza, apume.

Bambo a Katsabola


25 Okutobala

Amake Katsabola,

Moni, mayi. Ndamva kuti nonse muli bwino, ndipo chimbudzi chakonzedwa. Alamu muwathokoze, muwauze kuti nkhani ija inatha. Kupepesa kwanu kwadzaza tsamba lonse, pomwe wobisa ndinali ine. Tisiye pomwepo.

Mwati ndibwere kunyumba, makutu salima. Ndamva. Ndibwera pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, koma ndidzabwereranso kuno. Kapinga wamera, chipala chija chatsekeka, maenje a zidendene zanga sakuonekanso, ndipo ayamba kale kulemba anthu a chikondwerero cha chaka chamawa. Kapitawo anandiitana n'kundilembera pachikatoni kuti malo anga m'ngalande alipo, malipiro omwe aja. Akuti anthu ngati ife ndi amene timalimba m'menemo, phokoso silitisokoneza. Tsopano ndine wakale. Adzandipatsa watsopano wovala ovaova kuti azindigwira paphewa. Ndidzamutengera kuseri kwa lole n'kumuuza za zimbudzi ndi sopo, ndipo ndikudziwa kuti adzaseka. Timasiponji ndidzagula tanga tambiri, tatsopano, ndidzadzaza thumba.

Ndikadzafika, mwana muzimuuza kuti aziima kutsogolo kwanga polankhula, pamene pali kuwala, ndizimuona pakamwa. Asadzandiitane ndili chofulatira n'kuganiza kuti ndikumunyalanyaza. Inunso chimodzimodzi. Zonditukwana muzinenera kumbuyo, mwapeza mwayi.

Uthenga wamawu wa mwana umene munatumiza ndinaulandira. Ndinakhala nawo masiku angapo osautsegula. Kenako ndinawaonetsa a Mwatichani pansi pa mtengo paja. Anapukuta foniyo pamalaya awo, anakweza mawu mpaka pamapeto, anaiika pakati pa mano anga n'kundiuza ndi manja kuti ndilume pang'ono, nditseke maso. Iwo amatero ndi mauthenga a zidzukulu zawo.

Mawu sindinawamve, ndisakunamizeninso. Koma foni imanjenjemera m'mano. Imanjenjemera katatu, n'kuima. Katatunso, n'kuima. Kenako kanayi.

Madzulo ndinapempha Telala kuti amvetsere n'kundilembera. Katatu kaja ndinali nditakadziwa kale, ndi ababa. Pa kanayi kaja anazengereza, anayamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'manja mwake, mpaka ndinamugwira mkono. Analemba kuti: mukundimva?

Ndimauluma m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Foni yayamba kuoneka mano m'mphepete.

Ndalama zili m'kalatamu ndi za mbewu, pang'ono mumugulire mwana nsapato, mwati zija zamuthina. Mayunitsi ndikutumizirani padera, musaumire, azilankhula mmene akufunira, zazitali zomwe. Akafunsanso, mumuuze kuti ababa amva.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Katsabola